Zala zimakalamba, nanga mizere yake bwanji?

Kwa teremu yathunthu ndakhala ndikulimbana ndi ziganizo ziwiri zimene zinkaoneka ngati zikutsutsana, ndipo tsopano mtima wanga wakhala pansi chifukwa ndaona pamene zimakumanirana. Chiganizo choyamba tinachimva tsiku loyamba lenileni la phunziro la kuzindikira anthu pogwiritsa ntchito zidindo za zala, chakuti mizere ya m'zala imaumbika munthu asanabadwe ndipo imakhala momwemo kufikira thupi litawola m'manda. Chachiwiri chinabwera titafika pa mutu wa makina ojambula zala, pamene tinauzidwa kuti zala za anthu okalamba zimavuta kujambula, kuti makina amazikana kawirikawiri, ndiponso kuti zidindo ziwiri za munthu mmodzi yemweyo zimayamba kusiyana pang'onopang'ono zaka zikamachuluka pakati pa kudinda koyamba ndi kwachiwiri. Ziganizo zonsezi zili m'manotsi athu, zonse zimabwera pa mayeso, ndipo zonse timaziyankha molondola popanda wina wofunsa kuti ngati mizere ili yokhazikika chotero, chimene chikukalamba n'chiyani.

Za loop, whorl ndi arch, mitundu itatu ikuluikulu ya kaonekedwe ka mizere ya m'zala, sindikambapo zambiri. Chimene ndikufuna kulemba ndi mfundo imodzi yokha imene yanditsegula maso, nayi: khungu la chala ndi chidindo cha chala ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo wofufuza milandu sagwira ntchito ndi khungu ayi, amagwira ntchito ndi chidindo. Tikamanena kuti mizere siisintha timakhala tikukamba za khungu. Tikamanena kuti okalamba amavuta kuwazindikira timakhala tikukamba za chithunzi chimene khungulo lasiya pa pepala, pa galasi la makina kapena pa botolo limene lapezeka pamalo a mlandu. Pakati pa khungu ndi chithunzicho pali thukuta, mafuta, inki, mphamvu imene munthu wakanikiza nayo, kuuma kapena kufewa kwa khungu pa tsikulo, ndipo ukalamba umagwira ntchito yake yaikulu pakati pomwepa.

Zinandithandiza kubwerera ku kaumbidwe ka khungu. Mizere imayamba kuumbika mwana ali m'mimba, cha m'ma sabata 10, m'munsi mwenimweni mwa khungu lakunja, pamene khungu lakunjalo (epidermis) limakumana ndi lamkati (dermis), ndipo mimba ikamafika pakati dongosolo lonse limakhala litakhazikika. Kuyambira pamenepo maselo a m'munsimo amangobereka anzawo amene amakwera pamwamba, kuuma ndi kuyoyoka, ulendo umene umatenga pafupifupi mwezi umodzi, ndipo aliyense amakwera kuchokera pamalo pamene kholo lake lili. N'chifukwa chake khungu limene tikuliona lero si limene tinali nalo chaka chatha, koma malo amene mzere umathera kapena kugawikira pawiri amakhala omwewo, pakuti chikombole chili pansi ndipo sichiyoyoka. Bala losazama limapola mizere n'kubwerera mwakale, pamene bala lofika pa chikombolecho limasiya chipsera, ndipo chipseracho chimasanduka chizindikiro china chokhazikika. John Dillinger, chigawenga cha ku America, anayesa kuwononga nsonga za zala zake ndi asidi mu 1934, koma mizere yozungulira zipserazo inali yokwanira kumuzindikira atamwalira.

Ukalamba sufika pa chikombolecho n'kusuntha tizizindikiro timene timawerenga, ta minutiae, tomwe ndi mathero ndi mphanda za mizere. Chimene umachita ndi kusintha khungu limene lanyamula tizizindikiroto. Collagen, amene amalimbitsa khungu, amachepa m'khungu lamkati, khungu limapyapyala n'kusiya kutamuka monga linkachitira, mizere imafupika msinkhu n'kukhala yophwatalala, thukuta limachepa ndipo zala zimauma, kenako pamabwera makwinya amene amadula mizere mopingasa n'kuoneka ngati timizere toyera pa chidindo. Ndimayerekeza ndi mizere ya m'munda kumapeto kwa dzinja, mvula itaigogoda kwa miyezi ingapo: yatsika, ina yatsala pang'ono kulingana ndi khwawa lake, koma mwini munda akhoza kukulozerani pamene mzere uliwonse unathera ndi pamene anaugawa pawiri polambalala chitsa. Munthu wojambula mundawo ali patali angaone ngati ndi malo osalala, ndipo vuto la makina athu ndi lomwelo.

Ndinaziona ndi maso pa chala chachikulu cha agogo anga aakazi, amene anandilola kuwadinda pa tchuthi nditatenga padi ya inki ya sitampu ndi mapepala oyera. Chidindo choyamba chinatuluka ngati banga lakuda lodukaduka ndi mizere yoyera yopingasa, moti sindikanatha kunena ngakhale mtundu wake. Iwo anaseka n'kunena kuti, "Mdzukulu wanga, zala zimenezi zinatha ndi khasu, ukufunamo chiyani?" Ndinawapempha kuti asambe m'manja, ndinawapaka kagilisalini pang'ono, tinadikira kuti kalowe, ndinapukuta kotsala, kenako ndinati, "Agogo, musakanikize, ingondisiyirani chalacho ndichiyendetse ine." Ndi inki yochepa kwambiri ndi dzanja lopepuka, loop inatuluka bwinobwino, delta yake, pamene mizere imakumana ngati kangodya zitatu, ikuoneka kumanzere, ndipo m'galasi lokulitsa zinthu ndinatha kutsatira mzere umodzi kudutsa khwinya loyera n'kuupezanso tsidya lina ukupitirira. Zidindo ziwirizo ndi za chala chimodzi, tsiku limodzi, koma kompyuta ikanazipatsa malikisi a kufanana otsika kwambiri pozifananitsa. Palibe chimene chinasintha pa chikombole pakati pa mphindi zimenezo, ndipo apa m'pamene mfundo ya khungu ndi chidindo inalowa m'mutu mwanga n'kukhazikika.

Nditamvetsa zimenezi mbiri ya nkhaniyi inayamba kuwerengeka mosiyana. William Herschel, amene ankagwira ntchito ya boma la atsamunda ku Bengal, ku India, anayamba kudinditsa anthu manja pa mapangano mu 1858, ndipo kwa zaka zoposa 50 ankadinda zala zake zomwe n'kumasunga, mpaka anafalitsa zimene anapeza mu 1916. Hermann Welcker wa ku Germany anadinda chikhatho chake mu 1856 n'kudzachidindanso mu 1897, patapita zaka 41, ndipo mizere inali m'malo mwake. Francis Galton, polemba za zidindo za zala mu 1892, anadalira kwambiri zidindo zimene Herschel anasunga kuti asonyeze kuti tizizindikiro sitisuntha. Anthu amenewa sananame, koma tiyenera kuona kuti anali anthu ochepa, odinda mosamala, okhala ndi nthawi yobwereza kufikira chidindo chitatuluka bwino, ndipo ankafananitsa ndi maso. Iwo anasonyeza kuti khungu limasunga dongosolo lake. Funso lakuti chidindo chotengedwa mothamanga pa siteshoni ya polisi chidzafanana bwanji ndi china patapita zaka zambiri sanaliyankhe, ndipo kwa nthawi yaitali makhoti ankalandira yankho la funso loyamba ngati kuti layankhanso lachiwiri.

Ntchito imene inandimasula kwenikweni ndi ya Soweon Yoon ndi Anil Jain, imene inatuluka mu 2015 m'magazini ya sayansi ya PNAS. Iwo anatenga zidindo za anthu 15,597 amene apolisi a ku Michigan, ku America, anawadinda kangapo pa zaka zoyambira 5 kufika 12, n'kuzifananitsa ndi kompyuta. Anapeza kuti malikisi a zidindo ziwiri za munthu mmodzi amatsikadi nthawi ikamatalika, koma malikisi a zidindo za anthu awiri osiyana sasuntha kwenikweni. Anapezanso kuti ngakhale malikisiwo amatsika, makina amapitirizabe kuzindikira anthu molondola mpaka zaka 12 zimenezo, pokhapokha ngati chimodzi mwa zidindo ziwirizo chili chosaoneka bwino, pamenepo chitsimikizo chimachepa kwambiri. Ndinawerenga ndime imeneyi mobwerezabwereza chifukwa tanthauzo lake pa ntchito yofufuza milandu ndi lalikulu. Ukalamba sumachititsa chala changa kuyamba kufanana ndi cha munthu wina, koma umachititsa chidindo changa cha lero kutalikirana pang'ono ndi changa cha kale. Choncho cholakwika chimene ukalamba umabweretsa mwachibadwa ndi kuphonya munthu amene ali m'kaundula, osati kuloza munthu wosalakwa.

Ndikuona kuti mfundo imeneyi ndi imene iyenera kutsogolera m'mene timalembera malipoti. Makina a AFIS, amene amafufuza chidindo m'kaundula wa zidindo, akabweza yankho lakuti sanapeze wofanana naye, ife ophunzira timafulumira kumva ngati kuti munthuyo mulibe m'kaundula, pamene chimene makinawo anena ndi chakuti palibe chidindo chimene chafika pa malikisi amene anaikidwa. Ngati tikufufuza mtembo wa munthu wachikulire amene anadindidwa ali mnyamata, kapena chidindo chobisika, chosaoneka bwino ndi maso pa chinthu chogwiridwa, chimene chinasiyidwa ndi dzanja louma la munthu wazaka 70, kusapezeka kumeneko n'kofooka kwambiri monga umboni, ndipo sikuyenera kulembedwa ngati kuti kwamuchotsa munthu pa mndandanda. Khungu louma limasiya thukuta lochepa, ufa wofufuzira umagwira pang'ono, makwinya amadula mizere ndipo kompyuta imatha kuwerenga malo odukawo ngati mathero a mizere, n'kudzipangira tizizindikiro tabodza timene pa khungu palibe. Munthu wophunzitsidwa bwino amaliona khwinya n'kulilumpha, pamene makina amafunika kuuzidwa.

Izi sizikutanthauza kuti chidindo chosaoneka bwino sichingapachike munthu wosalakwa. Chingathe, koma kudzera mwa wofufuza amene akuona zimene akufuna kuona. Mu 2004, mabomba ataphulika m'sitima za pamtunda ku Madrid, akatswiri a FBI, bungwe lofufuza milandu la ku America, ananena motsimikiza kuti chidindo chopezeka pa thumba la pulasitiki chinali cha Brandon Mayfield, loya wa ku Oregon, ndipo anatsekeredwa pafupifupi masabata awiri apolisi a ku Spain asanasonyeze kuti chinali cha Ouhnane Daoud wa ku Algeria. Nkhani imeneyo sinali ya ukalamba, inali ya chidindo chobisika chovuta kuwerenga ndi anthu odzidalira mopitirira, koma ikuonetsa kumene ngozi imabisala chithunzi chikakhala chofooka. Kafukufuku wa Bradford Ulery ndi anzake wa 2011, amene anayesa akatswiri 169, anapeza kuti kuloza munthu wolakwika kunachitika pa 0.1 peresenti, pamene kukana molakwika zidindo za munthu mmodzi yemweyo kunafika pa 7.5 peresenti. Kupendekeka kwake ndi komweko kumene Yoon ndi Jain anakuona pa makina, ndipo ndikudabwa kuti m'kalasi timathera nthawi yambiri pa nambala yaing'onoyo n'kuiwala yaikuluyo, imene ikuimira milandu yosatheka ndi mitembo yoikidwa popanda dzina.

Mbali ya ana ndi yosavuta kuimvetsa ukagwira mfundo yomweyi. Chala chimakula, mizere imatalikirana, koma dongosolo limakhala lomwelo, ndipo Carsten Gottschlich ndi anzake ku Göttingen, ku Germany, anasonyeza mu 2011 kuti kukulaku kumachitika pafupifupi mofanana mbali zonse, moti ukangokulitsa chidindo chakale molingana ndi m'mene mwanayo wakulira, makina amayambanso kumuzindikira bwino. Ku India, ana olembetsedwa mu Aadhaar, kaundula wa boma wozindikirira anthu, amayenera kukajambulitsa zala akafika zaka 5 n'kudzajambulitsanso akafika 15, ndipo malamulo a European Union sakakamiza kuti ana osafika zaka 12 adindidwe zala pa pasipoti. Palinso nkhani ya wapolisi Art Bohanan wa ku Knoxville, ku America, amene m'zaka za m'ma 1990 anaona kuti zidindo zobisika za ana zimazimiririka msanga kusiyana ndi za akuluakulu, ndipo asayansi a pa labu ya boma ya Oak Ridge anapeza kuti chifukwa chake ndi mtundu wa mafuta amene khungu la mwana limasiya, amene amauluka mosavuta. Apanso mizere ya mwanayo ilipo, chimene chasowa ndi chidindo.

Kwa okalamba palibe masamu osavuta otere, chifukwa chala sichikukula mwa dongosolo, chikungotaya kuoneka bwino m'njira zosiyanasiyana malinga ndi ntchito imene munthu wagwira ndi matenda amene wadwala. Akatswiri a Joint Research Centre ya European Commission, Javier Galbally ndi anzake, atapenda zidindo zoposa 400,000 anapeza kuti kuoneka bwino kwa zidindo kumatsika ndithu mwa anthu opitirira zaka 65, mpaka kuyandikira kwa ana aang'ono. Onjezani pamenepo simenti ya amisiri omanga, sopo wa ochapa tsiku ndi tsiku, ndi mankhwala ena a khansa monga capecitabine, amene mu 2009 anamveka pamene wodwala wina wa ku Singapore anaimitsidwa kwa maola 4 pabwalo la ndege ku America chifukwa makina sankaona mizere yake. Kuno kwathu nkhaniyi ikutikhudza mwachindunji, pakuti mu 2017 National Registration Bureau inalembetsa anthu oposa 9 miliyoni pa ziphaso za unzika ndipo zala zinajambulidwa. Ambiri mwa anthuwo anali alimi achikulire amene zala zawo zinali kale ngati za agogo anga, ndipo chidindo chimene chinalowa m'kaundula tsiku limenelo ndicho chimene chidzafananitsidwa ndi cha mtsogolo. Zimene Yoon ndi Jain anapeza zikusonyeza kuti chisamaliro cha wojambula pa tsiku lolembetsa chimalemera kuposa zaka zimene zadutsa.

Njira imene yandithandiza kuposa zonse, ndipo ndimaiuza aliyense wofuna kumva, ndi kujambula ndi dzanja. Ndimakulitsa chidindo pa fotokope, ndimaika pepala loonekera pamwamba pake, kenako ndimatsatira mzere uliwonse ndi pensulo kuyambira kumene wayambira mpaka kumene wathera, n'kuika kadontho kofiira pa mathero ndi kobiriwira pa mphanda. Ndikatero ndimachita chimodzimodzi pa chidindo chachiwiri osayang'ana choyamba, kenako ndimasanjikiza mapepala awiriwo pa zenera. Timadontho timene tagwirizana ndi ta khungu, ndipo timene taonekera pa pepala limodzi lokha nthawi zambiri timakhala ta khwinya, ta inki yochuluka kapena ta kukanikiza. Ndikukhulupirira kuti wophunzira amene wachita zimenezi kwa sabata imodzi amamvetsa zambiri kuposa amene wakhala teremu yonse pa pulogalamu ya kompyuta, ndipo ndikanakhala ndi mphamvu ndikanaletsa aliyense kukhudza AFIS asanadzaze kope lathunthu la zojambula zotere. Anzanga ena amati n'kutaya nthawi ndipo m'ntchito yeniyeni palibe amene adzakupatse ola lathunthu pa chala chimodzi. Mwina akunena zoona pa za ntchito, koma diso limene lidzayang'ane pa kompyuta mofulumira liyenera kuphunzira kaye poyenda pang'onopang'ono.

Chimene chimandiwawa ndi chakuti mfundo yonseyi ikanatha kunenedwa m'mphindi zochepa tsiku loyamba lija. Aphunzitsi amene anatiphunzitsa za kukhazikika kwa mizere ndi ena, amene anatiphunzitsa za makina ndi enanso, ndipo zikuoneka kuti aliyense ankaganiza kuti mnzake ndiye alumikize mbali ziwirizi. Mnzathu wina atafunsa m'kalasi chifukwa chake okalamba amakanidwa ndi makina ngati mizere siisintha, yankho linali lakuti zimenezo sizibwera pa mayeso ndipo tipitirire. Maola a labu anadyedwa ndi kukonzekera mayeso a pakati pa teremu, ndipo zidindo zimene tinapatsidwa kuti tiyeserere zinali zathu zomwe, za achinyamata a zala zofewa, zooneka bwino ngati za m'buku. Palibe tsiku limene tinaona chidindo cha munthu wokalamba m'kalasi, chonsecho ambiri mwa anthu amene tidzafunike kuwazindikira, amoyo ndi akufa omwe, sadzakhala ndi zala za wophunzira wa ku koleji. Sindikunena kuti aphunzitsiwo sadziwa ntchito yawo, nthawi ndi imene ili yochepa ndipo silabasi ndi yodzaza, koma kuloweza ziganizo ziwiri zotsutsana popanda kuzilumikiza kumabala wofufuza amene adzaime m'khoti n'kunena motsimikiza zinthu zimene sanaziganizirepo.

Pali malo amodzi pamene mfundo yangayi imayamba kugwedezeka, ndipo ndi pa tinthu ting'onoting'ono kwambiri timene timatchedwa ta gawo lachitatu (loyamba ndi mtundu wa chidindo, lachiwiri ndi minutiae), monga timabowo ta thukuta, m'mphepete mwa mizere ndi timizere topyapyala timene timamera pakati pa mizere ikuluikulu. Keith Monson ndi anzake, pa ntchito yawo ya 2019, anapeza kuti mtundu wa chidindo ndi tizizindikiro tikuluikulu timakhalitsa, koma makwinya ndi tinthu ta gawo lachitatu sitioneka mofanana nthawi zonse. Pamenepa malire a khungu ndi chidindo sali oonekeratu monga ndawajambulira pamwambapa, chifukwa kabowo kakasowa pa chidindo chachiwiri n'kovuta kunena ngati inki yakatseka kapena khungu lenilenilo lasintha. Ndiponso zaka 12 za ku Michigan ndi zochepa poyerekeza ndi moyo wa munthu, pamene umboni wa zaka 40 kapena 50 ukuchokerabe kwa anthu owerengeka monga Herschel ndi Welcker. Ndikadziyerekeza nditaima pamaso pa woweruza ndi zidindo ziwiri zotalikirana zaka 40, chimodzi cha inki china cha makina, tizizindikiro tambiri tikugwirizana koma tiwiri tikusowa pamalo pamene padutsa khwinya, ndimadzifunsa kuti kusiyana kungati kumene ndingakufotokoze ndi ukalamba ndisanayambe kugwiritsa ntchito ukalambawo ngati chophimbira chilichonse chimene sichikugwirizana ndi yankho limene ndalifuna kale. Pa funso limeneli ndikadali pakati, ndipo zojambula zanga za pensulo sizinandithandizebe kusankha mbali.